Migowi: Nyumbu Zinatha, Afisi Anatsika, Mbalame Zikubwerabe

Nyumbu yomaliza m'dziko la Malawi inawomberedwa mu 1925. Inagwera m'zigwa zozungulira phiri la Mulanje, m'boma lakale la Mulanje lomwe Phalombe anali mbali yake mpaka 1998. Mwana wa ku Migowi lero nyumbu amaionera pa kanema ikuwoloka mitsinje ya ku Tanzania, osadziwa kuti mtundu wina wa nyamayi unadziwika kunja kuchokera kwawo konkuno. Chikopa chimene katswiri wa ku London, Philip Sclater, anayeza mu 1896 n'kulengeza kuti iyi ndi nyumbu ina, ya mzere woyera pamphuno, chinachokera m'chigwa cha pakati pa Mulanje ndi nyanja ya Chilwa. Anaipatsa dzina la Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda pa nthawiyo. Zisanakwane zaka 30, nyumbuyo inali itatheratu kuno. Yatsala ku Niassa ku Mozambique ndi kummwera kwa Tanzania.

Migowi ili patsinde pa phiri la Michesi, mbali ya kumpoto. Kuseri kwa Michesi kuli mpata wa Fort Lister, ndipo kupitirira mpatawo ndiye Mulanje mwini wake. Kutsogolo kulibe chotchinga maso: chigwa cha dothi lamakande chimangotsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukalowa m'madambo a Chilwa, kumene mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imakathira madzi ake. Lero munda wagundana ndi munda, wa chimanga, wa nandolo, wa mpendadzuwa, wa fodya. Pamsika pali phokoso la njinga ndi zigayo, ndipo chipatala chachikulu cha boma, cha John Chilembwe, chinamangidwa pompano. Koma pamene pali mindapa pankadya njati, ntchefu, mphalapala ndi mphoyo, ndipo njovu zinkadutsa popita kumadzi. Alenje achizungu a m'zaka za m'ma 1890 ankachoka ku Blantyre ndi ku Zomba kudzasaka m'chigwa chino chifukwa nyama zinali mbwee. Mu 1897 boma la atsamunda linapatula dera la Chilwa kuti likhale lotetezeramo nyama, limodzi ndi dambo la Elephant Marsh ku chigwa cha Shire. Awa ndiwo anali malo oyamba otere m'dziko muno, ndipo la Chilwa silinakhalitse.

Mfuti inayamba, khasu linamaliza. Amalonda a minyanga ndi akapolo ankadutsa pa mpata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje popita kunyanja yamchere, n'chifukwa chake Angerezi anamangapo linga la Fort Lister mu 1893. Pofika nthawiyo njovu zinali zitayamba kale kuchepa. Kenako anabwera osaka mwamasewera, ofuna nyanga zokapachika pakhoma, uku malamulo a boma lomwelo akuletsa mwini dziko kupha nyama yoti adye ndi ana ake popanda chiphaso chimene sakanakwanitsa kugula. Ndiye kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, makolo athu ambiri achilomwe anawoloka malire kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ena anakalowa thangata m'maesiteti a azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, ena anatsikira m'chigwa muno n'kuyamba kuswa mphanje. Munthu wofuna pobzala chimanga cha ana ake sindingamuimbe mlandu. Chimene chimandiwawa n'china. Nyumbu ya kuno inkaswa mwezi uti, inkamwa kuti nyanja ikaphwa, inkayenda m'magulu aakulu bwanji: amene ankadziwa bwino zonsezi anali alenje a m'midzi, ndipo anapita nazo kumanda. Ku Ulaya kunatsala chikopa ndi dzina la mzungu.

Nyama imodzi sinasamuke. Fisi safuna zambiri: phanga, mdima, ndi chilichonse chokhala ndi fupa. Michesi ali ndi mapanga ndi miyala yokwanira, ndipo akuluakulu omwe anali ana m'zaka za m'ma 1950 amakumbukira nthawi imene afisi anasiya mbuzi n'kuyamba anthu. Zolembedwa zikugwirizana nawo. M'chigwa cha Phalombe, kumpoto kwa Michesi, afisi anapha anthu 5 mu 1956, enanso 5 mu 1957, anthu 6 mu 1958, ndipo mu 1961 anapha anthu 8. Amenewa ndi ena chabe mwa omwe imfa zawo zinalembedwa. Fisi akapeza munthu ali mtulo amakonda kugwira kumaso, choncho opulumuka ankatsala ndi zipsera zosabisika. Mlenje F. A. Balestra analemba nkhani ya afisiwa mu 1962, ndipo awiri omwe anaphedwa analemera makilogalamu 72 ndi 77.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa m'nkhaniyi ndi nyengo yake. Ngozi zambiri zinkachitika kuyambira mu Sepitembala. Aliyense wokulira kuno akudziwa mmene mweziwu umakhalira: m'nyumba simugoneka chifukwa cha kutentha, banja limayala mikeka pakhonde kapena pabwalo, ndipo tchire lonse limakhala litapsa, pena ndi osaka mbewa, pena ndi osaka akalulu, pena ndi moto wongothawa posotsa minda. Agwape, akalulu ndi ntchenzi zimathawa kapena kuphedwa. Nyama zikuluzikulu zinali zitatha zaka makumi angapo m'mbuyomo. Fisi wotsika m'phiri usiku ankapeza lupsa lokhalokha, ndipo chamoyo choyamba kukumana nacho chinali mwana wogona kumapeto kwa mkeka.

M'midzi nkhani inkamveka mwina: kuti awa si afisi wamba, ndi afisi a anthu, otumidwa. Ine sindiseka anthu omwe ankaganiza choncho maliro akutsatizana. Koma anganga omwewo otchula za ufitiwo ndi amenenso ankalowetsa ana m'nyumba tchire likangopsa, kaya kutenthe bwanji, ndipo ankadziwa kusiyanitsa phazi la fisi ndi la galu, ankadziwa kuti ndowe zoyera pamwala ndi chizindikiro chakuti phanga lili pafupi. Katswiri Hans Kruuk atakhala zaka akutsatira afisi ku Serengeti ndi ku Ngorongoro, analemba m'buku lake la mu 1972 kuti fisi si wongotola zotsala za mkango, ndi mlenje weniweni amene amadziphera yekha nyama zambiri zimene amadya, ndiponso kuti wamkazi ndiye wamkulu thupi ndi wolamula gulu. Ku Ulaya izi zinali nkhani yatsopano. Patsinde pa Michesi, zakuti fisi amasaka yekha anthu anaziphunzira ndi misozi.

Tsopano titsikire kumadzi, chifukwa moyo wa Migowi, ngakhale nyanja siioneka uli pamsika, umapuma ndi Chilwa. Mtengo wa matemba pa benchi ndiwo umanena mmene nyanja ilili. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Olowa onse amachoka ndi dzuwa, mchere n'kutsala. David Livingstone ndi John Kirk atafika pa nyanjayi mu Epulo 1859 anapeza madzi ake akuwawira, muli mvuu ndi ng'ona. Ndi nyanja yosaya, malo ambiri mamita awiri kapena atatu basi, moti zaka ziwiri kapena zitatu za mvula yochepa zimakwana kuisandutsa bwalo la matope osweka. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 anthu anayendanso wapansi pomwe pankadutsa mabwato.

Kuphwa kwa mu 1968 kunapeza akatswiri a Yunivesite ya Malawi ali pantchito. Gulu lotsogozedwa ndi Margaret Kalk linali litayamba kuyeza nyanjayi mu 1966, ndipo linapitiriza mpaka 1976. Buku lawo linatuluka mu 1979. Anabwera kudzaphunzira nyanja, nyanjayo n'kuwaumira m'manja, ndipo mwayi wake unali womwewo, poti anaona zonse kuyambira kufa mpaka kuuka. Madzi akamachepa mchere umakwera, nsomba zina zimafa, zina zimathawira m'maiwe a m'mitsinje ya Likangala, Domasi, Phalombe ndi Sombani ndi ku thamanda la Mpoto kumalire ndi Mozambique. Tizilombo tating'ono ta m'madzi timasiya mazira m'matope ouma, ndipo madzi akabwerera timaswa, n'kukhala chakudya cha ana a nsomba. Mlamba ndi matemba amachira msanga, makumba amachedwa. Asodzi a ku Swang'oma, omwe amakhala miyezi m'zimbowera pakati pa njedza, izi amazidziwa popanda buku. Mu 1995 mafumu ndi makomiti a m'midzi ndiwo analetsa kuthira katupe m'maiwe momwe nsomba zinabisala, podziwa kuti mbewu ya nyanja yonse ili mmenemo.

Madambo omwewa ndi amodzi mwa malo ochepa mu Africa momwe dzombe lofiira limaswanirana lisanauluke m'magulu, n'chifukwa chake bungwe lolimbana ndi dzombeli la ku Ndola ku Zambia limawayang'anira chaka ndi chaka. Dzombe limakonda kuikira mazira pa dothi loyera, ndipo moto wa m'chilimwe umalikonzera malo otere.

Pa zonse zimene chigwachi chinali nazo, chotsala chochuluka ndi mbalame, ndipo zina mwa izo si zathu tokha. Nyengo yawo imayamba mvula isanagwe. Mu Sepitembala ndi Okutobala, madzi akamabwerera m'mbuyo n'kusiya matope, m'mphepete mwa nyanja ndi m'zithaphwi mumafika timbalame totuwa tamiyendo yaitali, tothamanga uku tikujompha pansi. Anamzeze amadzaza mlengalenga ndi pa mawaya a magetsi, madzulo n'kukagona m'bango mwaunyinji. Mvula ikakhazikika amatera adokowe, akuda ndi oyera, kutola ziwala ndi ntchemberezandonda m'minda. Pofika Disembala, ngumbi zikamatuluka, pamabwera akabawi ang'onoang'ono ouluka pamodzi ambirimbiri. Mu Malichi ndi Epulo zonsezi zimazimirira. Adokowe akuda ndi lumbe wa nthenga zazitali sapita kutali kwenikweni, amangowoloka kupita kumpoto kwa Africa yomwe ino. Koma namzeze, dokowe woyera, timbalame ta m'matope tija ndi akabawi aja amatuluka mu Africa.

Anthu a ku Ulaya nawonso ankadabwa kuti mbalame zawo zimalowera kuti kukazizira. Kwa zaka mazana ambiri, ngakhale ophunzira ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa maiwe mpaka kutenthe. Mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, munthu anawombera dokowe woyera yemwe anali ndi muvi wa ku Africa wolasa pakhosi. Mbalameyo inauluka nawo ulendo wonse, ndipo mpaka lero ikusungidwa ku yunivesite ya Rostock. Mlenje wina wa kuno kwathu ku Africa, yemwe anadandaula tsiku limenelo kuti ndiwo yamuthawa ndi muvi womwe, ndiye anapereka umboni woyamba wogwirika. Mu 1899 mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Cornelius Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete tachitsulo tokhala ndi nambala kumwendo. Mu Disembala 1912, namzeze wovekedwa kamphete ku Staffordshire ku England anapezeka ku Natal ku South Africa. Kuyambira pamenepo nkhani inasiya kukhala yongoganizira.

Chimene ife sitiona ndi theka lina la moyo wa mbalamezi. Pali imodzi imene mabuku amaitcha ruff. Kuno ndi mbalame yotuwa, yachete, yoti mlenje sangaiyang'ane kawiri, ndipo zambiri zofika kummwera kwa Africa zimakhala zazikazi. Koma zikafika m'madambo a kumpoto kwa Ulaya ndi ku Siberia mu Meyi ndi Juni, zazimuna zimamera nthenga zofufuma kuzungulira khosi, zina zakuda, zina zofiirira, zina zoyera, moti n'kovuta kupeza ziwiri zofanana. Zimasonkhana pa kamtunda kaudzu komwe komweko chaka ndi chaka, iliyonse ndi kamalo kake, n'kumadumpha, kugwada, kumenyana, zonsezi popanda kulira. Yaikazi imabwera, kuyang'ana, kusankha, kukweredwa, n'kuchoka kukaikira ndi kulera yokha. Za khosi lakuda ndizo zimakhala ndi malo; za khosi loyera zilibe malo, zimangozungulira, ndipo eni malo amazilekerera chifukwa bwalo lokhala ndi zoyerazo limakopa zazikazi zambiri.

Kena ndi kambalame kotchedwa little stint, kolemera magalamu osakwana 30. Kamaswa kumpoto kwenikweni kwa dziko, m'zigwa zopanda mtengo ndi umodzi womwe za m'mphepete mwa nyanja ya Arctic, kumene nthaka ya pansi siisungunuka chaka chonse. Kumeneko nyengo yofunda ndi ya milungu yowerengeka. Chipale chikasungunuka mu Juni dzuwa silimalowa usiku ndi usana, udzudzu ndi ntchentche zimatuluka mwaunyinji wosaneneka, ndipo mbalame zimathamangira nthawi. Kamaikira mazira anayi pa kadzenje pansi. Nthawi zina yaikazi imaikira zisa ziwiri, china n'kusiyira yaimuna, china n'kufungatira yokha. Anapiye akangoswa amayenda n'kumadzitolera okha chakudya. Makolo amanyamuka kaye, ana n'kutsatira patapita milungu, popanda wowalondolera njira, ulendo wa makilomita oposa 10,000. Kambalame kothamanga m'matope a Chilwa mu Novembala kakhoza kukhala kuti kanatuluka m'dzira mu Julayi chaka chomwecho.

Ndipo apa pali chinthu chimene munthu wa ku Migowi angachimve msanga kuposa wa mumzinda. M'zigwa za ku Arctic muli timbewa totchedwa lemming. Zaka zitatu kapena zinayi zilizonse timachuluka modabwitsa, kenako n'kutha mwadzidzidzi. Osaka mbewa kuno amadziwa zomwezo za akapuku: pali chaka chimene una uliwonse uli ndi mbewa, pali chaka chokumba tsiku lonse n'kubwera ndi zitatu. Chaka cha lemming wambiri, nkhandwe zoyera, akadzidzi ndi mbalame zina zolusa zimakhuta mbewa, zimaswana kwambiri, ndipo zisa za timbalame tija sizizilabadira. Chaka chotsatira mbewa zatha koma nkhandwe zachuluka, ndiye zimasakaza mazira ndi anapiye. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri awiri, Ron Summers ndi Les Underhill, anayerekeza chiwerengero cha mbalame zazing'ono m'magulu ofika ku South Africa, monga ku thamanda la Langebaan pafupi ndi Cape Town, ndi zolembedwa za lemming ku Taimyr ku Siberia. Zinagwirizana: mbewa zikachuluka kumpoto, ana a mbalame amachuluka kummwera, mbewa zikatha, magulu amafika ali akuluakulu okhaokha. Nkhandwe ya ku Taimyr ndi fisi wa ku Michesi anachita chimodzimodzi. Chilombo chikasowa chakudya chake chozolowera chimatembenukira ku chimene chili pafupi, kumeneko mazira, kuno ana a anthu. Kusiyana kwake n'kwakuti kumpotoko njalayo imabwera yokha n'kupita yokha, pomwe ya afisi athu tinaibweretsa ndife, ndi mfuti, khasu ndi moto.

Akabawi a mu Disembala aja ndiwo ali ndi ulendo woopsa kuposa onse. Mabuku amawatcha Amur falcon chifukwa amaswa kummawa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China. Amadutsa kumpoto chakummawa kwa India, kumene amaima kudya ngumbi za kumeneko mpaka kunenepa, kenako amawoloka nyanja yamchere kuchokera ku India kufika kummawa kwa Africa, makilomita pafupifupi 3,000, masiku angapo osatera. Akafika kuno amapeza ngumbi zathu zikutuluka. Mnyamata wowalasa ndi legeni pamtengo wa pasukulu amapha mbalame imene yangomaliza kuwoloka nyanja.

Nkhani ya kusaka siyenera kukambidwa ndi munthu wokhuta yekha. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zimakhala mbee, chimanga chili m'munda chosacha, ndipo khoka amakhala ataletsa kuti nsomba ziswane. Nthawi yomweyi ndi imene madambo amadzaza ndi mbalame. Bambo amatchera makhwekhwe m'njedza, amaika ulimbo, wina amatenga mfuti ya gogodera kukawombera atsekwe ndi abakha a m'thengo, mayi n'kukazinga zokagulitsa pamsika. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti ku Chilwa kunkagwidwa mbalame zoposa miliyoni imodzi pa chaka, ndi alenje mazana ochepa chabe. Zambiri mwa izo si zochokera ku Siberia ayi; ndi mbalame za m'bango za mu Africa momwe muno, zimene zimagwidwa nthawi yomwe zikuswa, ndipo apa ndiye pali vuto lalikulu. Nyanja ikaphwa, asodzi osowa chochita nawonso amalowa m'gulu la osaka.

Mu 1996 Chilwa inakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa pangano la Ramsar la madambo ofunika pa dziko lonse, mahekitala 224,800, makamaka chifukwa cha mitundu yoposa 150 ya mbalame zimene zimadalira malowa. Mu 2006 bungwe la UNESCO nalo linaizindikira. Koma satifiketi siichotsa khwekhwe m'bango. Chimene chinasintha zinthu pang'ono ndi ntchito ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, mothandizidwa ndi bungwe la alenje la ku Denmark, linakhala pansi ndi osaka mbalame eni ake. Anapanga makalabu, anapatula madera oswanirana omwe munthu saloledwa kutcheramo, anagwirizana za nyengo yopumitsa. Njira imeneyi ndimaikhulupirira kuposa ya kulanda misampha, ngakhale makalabu otere amafooka thandizo la kunja likatha ndiponso njala ikathina.

Kwina zinatheka. Ku Nagaland ku India, pa damu la Doyang pafupi ndi mudzi wa Pangti, zinaululika mu 2012 kuti akabawi omwe aja oposa 100,000 ankagwidwa ndi maukonde pa nyengo imodzi. Chaka chotsatira makhonsolo a m'midzi, mipingo ndi boma anagwirizana, kugwirako kunatha, ndipo ena mwa alenjewo anakhala alonda a mbalamezo. Akabawi atatu anavekedwa timakina towalondola, ndipo anthu a ku Pangti ankatsatira ulendo wawo wolowera ku Africa. Ku Friesland ku Netherlands kunali mwambo wakale wogwira mbalame za m'madambo ndi maukonde n'kumagulitsa; malonda ataletsedwa, ena anapitiriza kugwira koma n'kumaziveka timphete n'kuzimasula. Mmodzi wa iwo, mlimi Joop Jukema, pogwira ma ruff ambirimbiri anaona kuti ena ooneka ngati aakazi anali ndi mapiko otalikirapo pang'ono. Mu 2006 iye ndi pulofesa Theunis Piersma analengeza kuti amenewa ndi amuna a mtundu wachitatu, mmodzi pa 100 aliwonse, omwe samera nthenga zapakhosi, amadzionetsa ngati aakazi n'kumazembera pabwalo. Akatswiri anakhala akuyang'ana mabwalo a ruff kwa zaka zambiri osaona zimenezi. Anaziona ndi mlimi amene mbalamezo zinkadutsa m'manja mwake.

Nafenso tili naye wotere. Jali Makawa, Mlomwe wobadwira ku Mozambique cha m'ma 1914, anayamba ngati wantchito wa C. W. Benson, bwana wa boma la atsamunda amene ankakonda mbalame ndipo pambuyo pake analemba ndi mkazi wake buku la mbalame za m'Malawi la mu 1977. Makawa ankazindikira mbalame ndi khutu, ankatha kuigeza kulira kwake mpaka ibwere, ndipo anayenda ndi Benson mpaka ku zilumba za Comoro mu 1958. Mu 1964, m'nkhalango ya kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, anagwira kambalame kamene akatswiri anakatcha dzina lake, makawai, ndipo mpaka pano palibe wagwiranso kena kofanana nako. Anamwalira mu 1995. M'masukulu a ku Phalombe ana amaloweza dzina la Livingstone. La Makawa sindikhulupirira kuti limamveka.

Chigwachi chikupitiriza kusintha, ndipo mwachangu. Napolo wa pa 10 Malichi 1991 anatsika m'Michesi ndi miyala ndi matope n'kupha anthu mazanamazana. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anabwereza, ndipo nyanja yomwe inali fumbi mu 2018 inasefukira mpaka m'midzi. Dothi lililonse lokokoloka m'mapiri opanda mitengo limakathera ku Chilwa, minda ya mpunga ikulowerera m'madambo, ndipo ku Arctic nako kukutentha mofulumira kuposa kwina kulikonse, moti nthawi yotuluka tizilombo ndi nthawi yoswa anapiye zayamba kusemphana m'malo ena. Mbalame zofika kuno zikupanikizidwa kumutu ndi kumiyendo.

Aphunzitsi a ku Migowi, ku Chiringa, ku Nambazo ndi kumadera a kunyanja, makamaka inu oyang'anira makalabu a zachilengedwe, ntchito iyi siifuna ndalama za mabungwe. Kope limodzi pasukulu likwanira. Ana alembe tsiku limene aona namzeze woyamba, tsiku limene adokowe atera, tsiku limene akabawi afika ndi limene achoka, chaka ndi chaka. Atumeni kwa atsibweni awo osaka ndi kwa anganga awo akafunse maina a mbalame za m'bango m'Chilomwe, m'Chinyanja ndi m'Chiyao, kumene iliyonse imamanga chisa, mazira ake angati, mwezi wake uti, eni kudziwa adakali moyo. Ndipo inu alenje, mukapeza kamphete kachitsulo kumwendo kwa mbalame, musakataye kapena kupatsa mwana kuti aziseweretsa. Lembani nambala ndi mawu onse ali pamenepo, tsiku ndi malo omwe mwaigwira, n'kupereka kwa alangizi a zanyama zakuthengo kapena ku bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, kuti uthengawo ukafike ku SAFRING ku Cape Town, kumene amasunga kaundula wa timphete ta mbalame za kummwera kwa Africa.